Tsiku limene Wikipedia inadzithimitsa dala

Lachitatu pa 18 Januwale 2012, nthawi itangokwana 7 koloko m'mawa ku Lilongwe ndi ku Lusaka, Wikipedia ya Chingerezi inathima. Ku Washington n'kuti kuli pakati pa usiku. Munthu akatsegula nkhani iliyonse, kaya ya malungo kaya ya timu ya mpira, inkangoonekera kamphindi, kenaka tsamba lonse n'kuda bii, n'kutsala mawu ochepa oyera omupempha kuti aganizire za dziko lopanda nzeru zopezeka mwaulere. Munsi mwake munali kabokosi. Wokhala ku America akalembamo nambala ya dera lake, pompo ankamuonetsa maina a aphungu ake ndi mafoni awo. Zinakhala choncho maola 24 athunthu.

Makina sanawonongeke ayi. Eni ake anachita kutseka mwadala, ndipo sanali okha. Reddit, tsamba lokambiranapo nkhani, inatseka maola 12. Google sinatseke, koma inaphimba dzina lake ndi chigamba chakuda n'kuika pempho loti anthu asainire. Magazini ya Wired inadetsa mitu ya nkhani zake. Mozilla, WordPress, Craigslist ndi masamba ang'onoang'ono osawerengeka anachita zawozawo. Bungwe la Fight for the Future, limene linkasonkhezera nawo moto, linati masamba amene anatengako mbali anaposa 115,000. Onsewa ankakana mabilu awiri olimbana ndi kuba mafilimu, nyimbo ndi katundu wina pa intaneti, amene anali ku Nyumba ya Malamulo ya ku America: Stop Online Piracy Act, imene anthu ankangoti SOPA, ndi PROTECT IP Act, kapena kuti PIPA. Patangotha masiku awiri, mabilu onsewo anawabwezera m'kabati, ndipo sanatulukemonso.

Amene ankafuna mabiluwa anali ndi dandaulo lomveka. Makampani opanga mafilimu ndi nyimbo ankaona ntchito zawo zikubedwa dzuwa likuswa mtengo. Filimu imene yadya madola mamiliyoni ambirimbiri inkapezeka pa intaneti mwaulere sabata yomwe yatuluka, nthawi zina isanatuluke n'komwe. Woimba wa kuno kwathu amene anaonapo nyimbo zake zikuthiridwa m'mamemori khadi pamsika, iye osalandirapo ngakhale tambala, safunika womufotokozera ululu umenewu. Panalinso opanga mankhwala, amene ankaloza masamba ogulitsa mapiritsi achinyengo, komanso eni zovala ndi nsapato za maina otchuka. N'chifukwa chake kumbuyo kwa mabiluwa kunali chikhamu: bungwe la makampani a mafilimu la MPAA, la makampani a nyimbo la RIAA, la amalonda la US Chamber of Commerce, ngakhalenso mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito wa AFL-CIO. Mabwana ndi antchito awo kuimba nyimbo imodzi, si kawirikawiri.

Lamulo loteteza eni ntchito zaluso pa intaneti linalipo kale. Mu 1998 America inakhazikitsa Digital Millennium Copyright Act, ndipo kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Mwini nyimbo akaipeza pa YouTube popanda chilolezo chake, amalembera kalata YouTube, ndipo YouTube ikaichotsa msanga sikhala pamlandu. Wolakwa ndi amene anaiikapo. YouTube, Facebook ndi anzawo anakulira pansi pa lamulo limeneli, popeza palibe kampani imene ikanalola anthu mamiliyoni kuika zinthu patsamba lake ikanadziwa kuti idzayankha mlandu pa chilichonse chimene mmodzi wa iwo waika. Vuto linali lakuti lamulo la America limathera m'malire a America. The Pirate Bay, tsamba lotchuka logawirana mafilimu limene linayambira ku Sweden, linkalandira makalata oopseza a maloya a ku Hollywood n'kumawaika poyera pamodzi ndi mayankho achipongwe.

Ndiye nzeru ya mabilu awiriwa inali yakuti: ngati mwini tsamba sitingamugwire, tiyeni titseke njira zonse zopita kwa iye. PIPA anaibweretsa ndi senata Patrick Leahy wa ku Vermont pa 12 Meyi 2011, ndipo komiti yake inaivomereza mwezi womwewo popanda wotsutsa. SOPA inabwera pa 26 Okutobala, kudzera mwa phungu Lamar Smith wa ku Texas, amene anali wapampando wa komiti yoona za malamulo m'nyumba ya aphungu. Leahy ndi wa chipani cha Democratic, Smith wa Republican. Masenata pafupifupi 40 mwa 100 anaika maina awo pa PIPA. Aliyense wodziwa ndale za ku Washington akanakuuzani kuti nkhaniyi yatha kale.

Njira zinayi zimene ankafuna kutseka

Malinga ndi SOPA, loya wamkulu wa boma akanatha kupita kukhoti kukatenga chiletso chokhudza tsamba lakunja limene akuliganizira kuti limaba. Chiletsocho chikatuluka, makampani olumikiza anthu ku intaneti anayenera kutchinga makasitomala awo kuti asafike patsambalo. Google ndi ena othandiza kufufuza zinthu anayenera kulichotsa m'zotsatira zawo. Makampani otumizira ndalama, monga Visa, MasterCard ndi PayPal, anayenera kusiya kulitumikira, chimodzimodzinso makampani oika malonda pamasamba. Onsewa ankapatsidwa masiku asanu okha.

Gawo limene linaopsa kwambiri m'bilu yoyambirira linali lina. Mwini filimu kapena nyimbo sankafunika n'komwe kudzera kukhoti poyamba. Ankangolembera kalata PayPal kapena kampani ya zotsatsa malonda kuti tsamba lakutilakuti ntchito yake ndi kuba katundu wa America, ndipo kampaniyo inali ndi masiku asanu kuti idule ndalama, pokhapokha mwini tsambalo atayankha m'nthawi yake. Komanso biluyo inkateteza kampani imene yadula tsamba mwa kufuna kwake pokhulupirira kuti n'lakuba. Taganizirani muli bwana wa kampani yotumizira ndalama: mukadula simuzengedwa mlandu, mukapanda kudula mungazengedwe. Mungasankhe chiyani? Mu Disembala Smith anasintha gawo limeneli kuti khoti lizikhalapo, n'kutsindikanso kuti biluyo ikukhudza masamba akunja okha, koma apo n'kuti anthu atataya naye kale chikhulupiriro.

Mawu akuti masamba akunja tisawadumphe, pakuti akunja akewo ndife. Tsamba la dzina lothera ndi .mw kapena .zm, lotumikira anthu okhala ku America, likanagwera m'gulu limeneli, ndipo mwini wake akanafuna kudziteteza akanayenera kukaonekera kukhoti la ku America ndi loya wa kumeneko.

Chimene chinakwiyitsa akatswiri a makompyuta chinali njira yoyamba ija, yotchinga anthu. Tsamba lililonse pa intaneti lili ndi dzina limene anthu amalemba, komanso nambala imene makina amagwiritsa ntchito. Pakati pa ziwirizi pali dongosolo lotchedwa DNS, limene limagwira ntchito ngati maina osungidwa m'foni mwanu: mumadina dzina la mlamu wanu, foni n'kuimba nambala yake, inu osaiganizira n'komwe nambalayo. Mabiluwa ankalamula kuti dzina la tsamba loletsedwa lizifufutidwa mumndandanda umenewu. Koma kufufuta dzina sikupha nambala. Wodziwa nambala amaimbabe, ndipo wofunitsitsa filimu yaulere akanangosintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito mndandanda wa kunja kwa America, ntchito ya mphindi ziwiri. Akuba akanapitiriza kuba, pamene anthu wamba ambiri akanathamangira ku mindandanda yosadziwika eni ake, imene ingathe kumutumiza munthu kutsamba labodza la banki yake. Nthawi yomweyo n'kuti akatswiri atatha zaka akukonza njira yotchedwa DNSSEC, yotsimikizira kuti yankho la DNS silinasinthidwe panjira, ndipo ankati lamulo lokakamiza makampani kusokoneza mayankho likulimbana ndi ntchito imeneyo. Pa 15 Disembala 2011 akatswiri 83, kuphatikizapo Vint Cerf amene anathandiza kupanga maziko a intaneti, analembera Nyumba ya Malamulo kalata yokana mabiluwa.

Panalinso umboni wakuti boma limaphonya. Kuyambira 2010 nthambi ya boma la America yoona za anthu olowa m'dziko ndi katundu wa m'malire inali ikulanda kale maina a masamba olembetsedwa m'dzikomo. Mu Febuluwale 2011, polanda dzina limodzi lakuti mooo.com, masamba pafupifupi 84,000 osalakwa anazima nawo, ndipo olowapo ankapeza chikwangwani cha boma chonena za zithunzi zolaula za ana. Ena mwa masambawo anali a timabizinesi ting'onoting'ono. Tsamba lina la nyimbo, Dajaz1, analisunga chaka chathunthu n'kulibweza mu Disembala 2011 popanda mlandu uliwonse. Otsutsa mabiluwa sankanena kuti kuba n'kwabwino. Funso lawo linali lakuti ndani ali ndi mphamvu yotseka tsamba lonse, pa umboni wotani, ndipo kodi mwini wake amamvedwa chitseko chisanatsekedwe kapena pambuyo pake.

Mmene moto unakolera

Poyamba wotsutsa wodziwika anali mmodzi, senata Ron Wyden wa ku Oregon, amene anaimitsa PIPA pogwiritsa ntchito mwambo wa nyumba ya masenata, monga anachitiranso ndi bilu yofanana nayo mu 2010. Pa 16 Novembala 2011 komiti ya Smith inaitana anthu asanu ndi mmodzi kudzapereka maganizo pa SOPA. Asanu anali oikonda. Wotsutsa anali loya wa Google yekha, ndipo katswiri wa kayendedwe ka intaneti panalibe ngakhale mmodzi. Tsiku lomwelo Tumblr, tsamba limene anthu amaikapo zolemba ndi zithunzi zawo, inadetsa zolemba za anthu ake n'kuwalumikiza pafoni ndi maofesi a aphungu awo. Mafoni oposa 87,000 anaimbidwa. Apa m'pamene otsutsa anaona kuti chida chilipo.

Pakati pa Disembala komitiyo inakhala masiku awiri ikukambirana biluyo ndime ndi ndime, anthu akuonera pa intaneti. Chimene anaona chinawadabwitsa: aphungu ena ankavomereza poyera kuti za makompyuta sazidziwa, koma n'kumakanabe kusintha kulikonse. Phungu Jason Chaffetz wa ku Utah anachonderera anzake kuti ayambe aitana odziwa zinthuzi asanachite opaleshoni pa intaneti. Komitiyo inabalalika kupita kutchuthi cha Khirisimasi isanamalize.

Kenaka inapsa ndi GoDaddy, kampani yaikulu yolembetsa maina a masamba, imene inali pamndandanda wa oikira kumbuyo SOPA. Anthu a pa Reddit anamemana kuti asamutse maina awo, Jimmy Wales, mmodzi mwa amene anayambitsa Wikipedia, n'kulengeza kuti a Wikipedia nawonso asamuka. Pa 23 Disembala GoDaddy inatembenuka. Makampani ena anaphunzirapo kuti kuoneka pamndandanda umenewo kuli ndi mtengo wake.

Nkhani ya Wikipedia ndiyo yofunika kuiona pafupi, chifukwa kutseka kwake sikunali kophweka. Wikipedia imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo lamulo lawo lalikulu ndi kusatenga mbali. Wales anaponya funso kwa alembiwo mu Disembala, potengera zimene anzawo a Wikipedia ya Chitaliyana anachita pa 4 Okutobala 2011, pamene anatseka tsamba lawo pokana bilu imene ikanakakamiza masamba kusindikiza kutsutsa kwa aliyense wodandaula pasanathe maola 48. Pakati pa Januwale alembi oposa 1,800 anakambirana kwa masiku atatu. Ena ankati buku la nzeru likalowa ndale kamodzi, anthu sadzalikhulupiriranso. Ena ankati nkhani za m'bukumo ndi zimene siziyenera kutenga mbali, koma bukulo lili ndi ufulu wodziteteza pamene lamulo likuopseza moyo wake; Wikipedia ili ndi maulalo mamiliyoni opita kumasamba ena, ndani akanawayendera onse kuti aone loletsedwa? Panalinso mkangano ngati atsekere a ku America okha kapena dziko lonse. Anagwirizana zotsekera onse, n'chifukwa chake wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata naye anakumana ndi mdima pa nkhani ya Nyumba ya Malamulo imene sanaivotere. Chitseko sanachikhome kwenikweni: pafoni Wikipedia inkatseguka, ndipo wodziwa kuzimitsa JavaScript, pulogalamu imene inkabweretsa mdimawo patsamba, ankawerenga bwinobwino. Cholinga chinali kudzidzimutsa anthu, osati kuwamana.

Tsikulo lisanafike, mabiluwa anali atayamba kale kutsimphina. Leahy ndi Smith anali atanena kuti gawo la DNS alichotsa kapena aliunikanso, ndipo pa 14 Januwale akuluakulu a ofesi ya pulezidenti Barack Obama analemba kuti sadzavomereza lamulo lochepetsa ufulu wolankhula kapena losokoneza chitetezo cha intaneti. Komabe voti ya PIPA inali ikadali pa 24 Januwale.

Ndiye linafika Lachitatu lija. Bungwe la Wikimedia Foundation, limene limayendetsa Wikipedia, linati anthu 162 miliyoni anaona tsamba lakudalo, ndipo oposa 8 miliyoni anagwiritsa ntchito kabokosi kaja kufufuza aphungu awo. Google inati pempho lake linasainidwa ndi anthu 4.5 miliyoni tsiku lomwelo. Mafoni a m'maofesi a aphungu sanapume, masamba a masenata ena anagwa chifukwa cha kuchuluka kwa olowapo, ndipo ku New York anthu anakasonkhana kunja kwa maofesi a masenata Chuck Schumer ndi Kirsten Gillibrand. Marco Rubio wa ku Florida, amene dzina lake linali pa PIPA, analichotsa m'mawa womwewo. Roy Blunt, Orrin Hatch ndi ena anatsatira. Atolankhani a ProPublica, amene ankawerengera aphungu, anapeza kuti pa 18 Januwale ovomereza anali 80 ndipo okana 31. Kutacha, ovomereza anali 65, okana 101. Pa 20 Januwale mtsogoleri wa masenata Harry Reid anaimitsa voti, ndipo Smith naye anaika SOPA pambali.

Si onse anaombera m'manja. Mkulu wa Twitter panthawiyo, Dick Costolo, anati kutseka bizinesi ya dziko lonse chifukwa cha nkhani imodzi ya ndale za dziko limodzi n'kupusa, ndipo Twitter ndi Facebook sanatseke ngakhale ankatsutsa mabiluwo. Chris Dodd, amene anakhala senata zaka 30 asanakhale mkulu wa MPAA, anati kuthimitsako ndi masewera komanso kugwiritsa ntchito mphamvu molakwa. Atapsa mtima anapitirira malire: pa Fox News anachenjeza andale kuti asadzamupemphe cheke pamene ntchito zawo zili pachiswe ngati iwo samumvera pamene yake ili pachiswe. Zimene anthu ankangonong'onezana zokhudza ndalama za kampeni, iye anazinena pa wailesi yakanema.

Komabe dandaulo la Dodd lili ndi kachoonadi kamene okonda nkhaniyi sakonda kukatchula. Imakambidwa ngati nkhondo ya anthu wamba ndi zimphona za ku Hollywood, koma mbali inayo kunalinso zimphona. Google inkateteza ufulu wolankhula, inde, koma inkatetezanso thumba lake, popeza mabiluwa akanaikakamiza kulondera zotsatira zake ndi malonda ake. Ndipo miyezi isanu yokha m'mbuyomo, mu Ogasiti 2011, inali itavomera kupereka madola 500 miliyoni kuboma chifukwa cholandira malonda a masitolo a mankhwala a ku Canada ogulitsa ku America mosatsata lamulo. Makampani ochepa amene anthu mamiliyoni amadutsapo tsiku ndi tsiku anaonetsa kuti angathe kutembenuza Nyumba ya Malamulo m'tsiku limodzi. Ulendo uno ine ndikuona kuti anali kumbali yolondola, chifukwa mabiluwo analembedwa moipa. Koma mphamvu yotereyi sifunsa ngati mwini wake akulondola.

Tsiku lotsatira mdimawo, pa 19 Januwale, boma la America linatseka Megaupload, tsamba lalikulu losungirapo mafayilo lolembetsedwa ku Hong Kong, ndipo apolisi a ku New Zealand anagwira mwini wake Kim Dotcom kunyumba kwake kufupi ndi Auckland. Boma linati tsambalo linapeza madola oposa 175 miliyoni mwa njira zakuba. Otsutsa SOPA anangoti: mwaona, malamulo alipo kale ndipo amafika kutali. Nawonso anthu osalakwa amene ankasungapo mafayilo awoawo anataya zinthu zawo usiku umodzi. Mlandu wofuna kutumiza Dotcom ku America unatha zaka zoposa 10 ukuzungulira m'makhoti a ku New Zealand.

Moto unalumphira ku Ulaya. Kumeneko nkhani inali pangano la mayiko lotchedwa ACTA, lolimbana ndi katundu wachinyengo ndi kuba ntchito zaluso, limene linakambidwa mobisa kwa zaka zingapo. Mayiko 22 a mu European Union atalisainira ku Tokyo pa 26 Januwale 2012, anthu zikwizikwi ku Poland anali kale m'misewu m'nyengo yachisanu choopsa, ndipo pa 11 Febuluwale zionetsero zinafalikira m'mizinda yambiri ya ku Ulaya. Pa 4 Julaye Nyumba ya Malamulo ya Ulaya inalikana ndi mavoti 478, ovomereza 39 okha.

Patangotha masiku asanu ndi limodzi, pa 10 Julaye, Wikipedia ya Chirasha nayo inathima, pokana bilu yokhazikitsa mndandanda wa masamba oletsedwa. Aphungu a ku Moscow anaivomereza mawa lake, ndipo mndandandawo unayamba kugwira ntchito mu Novembala. Chida chinali chomwecho, koma kumeneko sichinalase. Ku America chinalasa chifukwa 2012 chinali chaka cha chisankho, ndipo phungu aliyense ankadziwa kuti woimba foniyo ali ndi voti; mdima paokha sunasinthe maganizo a munthu, anasintha ndi mafoni amene mdimawo unabala. Chinanso, chinali chachilendo. Pofika mu Marichi 2019, pamene Wikipedia ya Chijeremani inatseka pokana lamulo latsopano la Ulaya lokakamiza masamba ngati YouTube kusamala kwambiri zimene anthu amaikapo, aphungu anali atazolowera. Lamulolo linadutsa pa 26 Marichi ndi mavoti 348 kwa 274.

Kutchinga masamba kumene America inakana, mayiko ena akukuchita kudzera m'makhoti awo. Ku Britain khoti lalikulu linalamula makampani a intaneti kutchinga The Pirate Bay mu Epulo 2012, miyezi itatu yokha chichitikireni mdima uja. Ku America komweko kachigawo kena ka SOPA, kofuna kuti kuonetsa mafilimu akuba pa intaneti kukhale mlandu waukulu, kanabweranso mu Disembala 2020. Ulendo uno anakachepetsa kuti kazikhudza okhawo ochita zimenezi ngati bizinesi, osati oonera, ndipo anakalowetsa m'bilu ya bajeti ndi chithandizo cha mliri wa Covid-19, ya masamba oposa 5,000, imene aphungu anapatsidwa maola ochepa kuti aiwerenge. Pulezidenti Donald Trump anaisainira pa 27 Disembala.